Woyembekezera kawiri: mawu achilendo m'kamwa, mwana m'mimba

M'Chisipanishi muli mneni wakuti esperar, amene amasenza matanthauzo awiri: kudikira ndi kukhala ndi chiyembekezo. Mayi wa ku Bolivia kapena ku Peru akafuna kunena mwaulemu kuti ali ndi pakati, amagwiritsa ntchito mneni womwewo, n'kunena kuti akudikira mwana. Ife a Chichewa ndi Chinyanja sitingadabwe nazo, pakuti nafenso timati mayi ndi woyembekezera, ndipo mawu akuti chiyembekezo amaphuka pa tsinde lomwelo. Nkhani imene ndifuna tiisinkhesinkhe, abale anga, ndi ya anthu amene amayembekezera zinthu ziwiri nthawi imodzi: banja la amishonale limene langofika kumene ku South America, likuphunzira Chisipanishi, ndipo mayi wa m'banjamo ali ndi pakati.

Mabanja otere ndi ambiri. Mipingo imakonda kutuma achinyamata ongokwatirana kumene, ndipo zaka zimene munthu ali ndi mphamvu zosamukira kutali ndi zaka zomwezo zoberekera. Kale otumidwa ankachokera ku Ulaya ndi ku North America. Lero akuchokeranso ku Korea, ku Brazil, ku Nigeria ndi m'maiko ena a mu Africa muno. Tsono funso la mmene tingasamalire banja lotere silili kutalinso ndi mabwalo a mipingo yathu.

Maganizo anga ndi awa. Chaka choyamba cha banja lotere chiperekedwe chonse ku ntchito ziwiri, kuphunzira chiyankhulo ndi kulandira mwana mwamtendere. Ndipo ngati nthawi kapena ndalama zapereŵera, woyamba kupatsidwa mpando m'kalasi akhale mayi. Mpingo umene sungathe kulipira zimenezi, kapena ulibe mtima wodikira, kuli bwino uyambe waimitsa ulendowo.

Titenge chitsanzo cha mzinda wa Cochabamba, pakati pa dziko la Bolivia. Mzindawu unakhala khomo lolowera amishonale ambiri kuyambira mu 1965, pamene a bungwe la Maryknoll anatsegula kumeneko sukulu yophunzitsa Chisipanishi pamodzi ndi ziyankhulo za Quechua ndi Aymara. Mipingo yambiri ya Chiprotestanti inkatumiza anthu ake ku San José, m'dziko la Costa Rica, kumene kuli sukulu ina yakale ya ntchito yomweyo. Cochabamba ali m'chigwa, koma chigwacho n'chokwera mamita oposa 2,500 kuchokera pa nyanja yamchere. La Paz ali pa mamita pafupifupi 3,600, ndipo El Alto amapitirira 4,000. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002. Ndiye kuti anthu a ku La Paz amagona, kuphika ndi kubereka pamalo okwera kuposa nsonga ya phiri lalitali kwambiri m'Malawi.

Pamalo otere mpweya umachepa mphamvu. Mlendo amachita wefuwefu akangokwera masitepe ochepa, mutu umawawa, tulo timavuta. Madokotala anapeza kalekale kuti ana obadwira m'mapiri ataliatali amabadwa opepukirapo, ndi kuti vuto la kuthamanga kwa magazi pakati pa amayi oyembekezera limachuluka kumeneko. Amayi a mitundu ya Aymara ndi Quechua, amene makolo awo akhala m'mapirimo zaka zikwizikwi, matupi awo anazolowera, ndipo ana awo sapepuka kwambiri ngati ana a alendo. Palinso nthenda ya Chagas, yofalitsidwa ndi kachilombo koyamwa magazi kotchedwa vinchuca, kamene kamabisala m'ming'alu ya nyumba zadothi ngati nsikidzi. Mayi amene ali nayo atha kupatsira mwana ali m'mimba. Kumadera otsika ndi otentha, monga ku Santa Cruz, kuli udzudzu wofalitsa dengue, ndipo ambiri tikukumbukira mliri wa Zika wa mu 2015 ndi 2016, umene unachititsa kuti ana ambiri ku Brazil abadwe ndi mitu yaing'ono. Sindikutchula izi pofuna kuopseza munthu. Amayi mamiliyoni amachira bwinobwino m'maiko amenewa chaka ndi chaka. Koma chilichonse mwa zimenezi chimafuna kuti mayi amve zimene dokotala akunena, ndi kuti dokotala amve zimene mayi akumva m'thupi.

Tsopano tiwerengere nthawi. Sukulu ya boma la United States yophunzitsa akazembe ziyankhulo, Foreign Service Institute, imawerengera masabata 24 mpaka 30 kuti munthu woyankhula Chingerezi afike pogwira ntchito yake m'Chisipanishi. Amenewo ndi anthu osankhidwa, opanda ntchito ina iliyonse koma kuphunzira. Pakati pamatenga masabata 40. Miyezi itatu yoyamba amayi ambiri amavutika ndi mseru ndi kutopa; miyezi iwiri yomaliza thupi limalemera, miyendo imatupa, kukhala pampando maola anayi kumasanduka chilango. Pakatikati pamatsala miyezi inayi yabwino, ndipo mwana akangobadwa tulo timathawa m'nyumba kwa miyezi ina ingapo. Aliyense wowerengera moona mtima aona kuti mpata wa mayi ndi wopapatiza kwambiri kuposa wa bambo.

Chimene chimachitika kawirikawiri n'chodziwika. Mayi ajomba tsiku limodzi chifukwa cha mseru, ajombanso lina chifukwa cha sikelo, ndipo posakhalitsa anzake a m'kalasi amusiya m'mbuyo. Banja likhala pansi n'kugwirizana kuti popeza wolalikira ndi bambo, bamboyo apitirize, mayi adzayambiranso mwana akakula. Palibe amene ali ndi mtima woipa pa chiganizo chimenechi. Koma mwana akafika poyenda, mng'ono wake amakhala ali m'njira, ndipo ndalama za sukulu zinatha kale. Patapita zaka zisanu mupeza bambo akuseka nthabwala ndi akulu a mpingo, pamene mayi akungomwetulira pakona, kudikira kuti mwamuna wake amumasulire. Mayi wotere amasungulumwa pakati pa khamu la anthu, ndipo kusungulumwa kwake n'kumene kumabweza mabanja ambiri kwawo nthawi isanakwane. Mpingo umene unapulumutsa ndalama za miyezi isanu ndi umodzi ya sukulu umataya ntchito ya zaka makumi awiri.

Chifukwa choyamba choikira mayi patsogolo ndi moyo weniweniwo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, WHO, linalangiza mu 2016 kuti mayi woyembekezera azionana ndi azaumoyo kasanu ndi katatu asanachire. Pa ulendo uliwonse pali mafunso amene mwamuna sangayankhe m'malo mwa mkazi wake, ndipo pali zina zimene mkazi wakwathu sangathe kuzitchula kudzera pakamwa pa mwamuna, ngakhale akhale wake, pamaso pa dokotala wachilendo. Bungwe lomwelo linanena mu 2021 kuti ku Latin America ndi ku zilumba za Caribbean ana pafupifupi anayi mwa khumi alionse amabadwa kudzera pa opareshoni. Opareshoni imapulumutsa miyoyo ikafunika, koma mayi ayenera kudziwa chifukwa chake akumuuza kuti achitidwe, ndi zimene zalembedwa pa pepala limene akusayina. M'zipatala zina mwamuna saloledwa kulowa m'chipinda choberekera. Pa ola limenelo mayi amatsala yekha ndi mawu amene ali nawo m'kamwa. Akhale nawo mawu onenera kuti apa pakuwawa, magazi akutuluka, mwana wasiya kugunda, maso akuchita chidima, sindinamve, yankhulani pang'onopang'ono. Mphunzitsi wanzeru angasiye kaye phunziro la kagulidwe ka matikiti a sitima n'kuyamba ndi mawu amenewa. Safunsa anadya phula, koma wosadziwa mawu ofunsira adzafunsa bwanji?

Apa ndilimbikitse anzathu a Chichewa ndi Chinyanja, chifukwa Chisipanishi chimatikomera mtima kuposa mmene chimachitira ndi Angerezi. Chili ndi mavawelo asanu, a, e, i, o, u, omveka ngati athu, ndipo mawu amawerengedwa monga alembedwera. Angerezi amatuluka thukuta posiyanitsa aneni awiri, ser ndi estar, chifukwa kwawo onsewo ndi mneni mmodzi. Ife timasiyanitsa kale: timati uyu ndi mphunzitsi, koma timati ali kumsika, ali bwino, ali ndi pakati. Iwonso amati es maestro, koma está en el mercado, está bien, está embarazada. Amasiyanitsa tú ndi usted monga ife tisiyanitsa iwe ndi inu, ndipo mwana woleredwa bwino kwathu safunika kuuzidwa kawiri kuti agogo sawatchula iwe. Ngakhale kapangidwe ka mneni wosonyeza chifuniro, kamene kamazunguza ophunzira ambiri, tili nako: timati ayankhula, koma ndifuna ayankhule, iwo amati habla, koma quiero que hable. Amene anakulira ku Tete kapena ku Angónia ndipo amadziwa Chipwitikizi ali kale pakati pa ulendo, pakuti ziyankhulo ziwirizi ndi zapachibale.

Chopunthwitsa chathu chachikulu ndi l ndi r. Kwa ife ndi liwu limodzi, ndipo ndili ndi ndiri n'chimodzimodzi. Kwa iwo pero ndi koma, perro ndi galu, pelo ndi tsitsi. Lilime lophunzira kusiyanitsa zitatuzi limafuna munthu woleza mtima wokhala nalo tsiku ndi tsiku, ndipo zimenezi zikutifikitsa pa chifukwa chachiwiri.

Chiyankhulo chimakhala m'kamwa mwa anthu, ndipo palibe chimene chimatsegula pakamwa pa amayi a dziko lililonse ngati mimba ya mnzawo. Mlendo wamwamuna wonyamula Baibulo amamulandira mwaulemu, namuyang'anira patali. Mlendo wamkazi wapakati amamufunsa miyezi, kumuletsa kunyamula katundu wolemera, kumuuza chakudya choyenera ndi chosayenera. Mu msika waukulu wa La Cancha ku Cochabamba, wogulitsa ndi wogula wozolowerana amaitanana casera, ndipo wogulitsa amaika kapamwamba kotchedwa yapa, kamene ife timati basela kapena banyira. Kumeneko mayi adzamva kuti khanda amalitcha wawa, mawu ochokera ku Quechua ndi Aymara, amene kwathu ndi malonje aulemu. Adzaphunzira kumanga aguayo, nsalu yamawangamawanga yoberekera mwana kumsana, ndipo amayiwo adzadabwa kuona kuti manja ake akudziwa kale mfundo yake chifukwa cha chitenje. Adzamva kuti kubereka amati dar a luz, kupereka ku kuwala, ndipo iye adzawauza kuti kwathu timati mayi wachira, poti tikudziwa kuti wadutsa pakati pa moyo ndi imfa.

Bambo amene akuphunzira m'kalasi ndi m'Baibulo mokha ali pangozi ina. Baibulo limene Achiprotestanti ambiri a kumeneko amawerenga ndi la Reina-Valera, lomasuliridwa ndi Casiodoro de Reina mu 1569, lokonzedwanso ndi Cipriano de Valera mu 1602, ndipo lofala kwambiri ndi lokonzedwa mu 1960. Chisipanishi chake n'chokoma, koma poyankhula ndi anthu ambiri chimati vosotros, mawu amene ku Latin America munthu sawamva pamsika kapena m'basi. Zili ngati mlendo amene waphunzira Chichewa chonse m'Buku Lopatulika n'kupita nacho kukagula matemba ku Lizulu. Anthu adzamumva, adzamulemekeza, koma sadzamuuza zakukhosi. Mawu a zakukhosi amalowa m'nyumba ya amishonale kudzera kukhitchini, ndipo amene amawabweretsa ndi mayi, ngati wapatsidwa maziko oti awagwirire.

Mwana akabadwa pamabwera mwambo umene amautcha cuarentena, masiku makumi anayi amene mayi amapuma, kufunda bwino, kupewa madzi ozizira ndi kumwa msuzi wa nkhuku, pamene amayi anzake akumugwirira ntchito. Ife tili ndi chikuta, pamene mayi ndi khanda amabindikira kufikira mchombo utagwa. Kwathu pa nthawi imeneyo pamakhala amake a mayiyo, apongozi, azakhali ndi anamkungwi. Ku Cochabamba onsewo kulibe, ndipo foni singatereke phala. Banja lili ndi njira ziwiri: kudzitsekera m'nyumba ndi amishonale anzawo oyankhula Chingerezi, kapena kulola amayi a pampingo ndi oyandikana nawo kuti alowe, asambitse mwana, akalipire bambo pogwira khanda molakwika. Njira yachiwiriyi imafuna kudzichepetsa, chifukwa munthu amene anabwera kudzapereka amayamba ndi kulandira. Koma anthu amene anakusambitsira mwana sakuonanso ngati mlendo, ndipo mawu ako amawamvera ndi khutu lina. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: mwambi umenewu amayi a ku Andes amautsata osaudziwa. Padzabweranso miyambo ina, monga rutucha, kumeta mwana tsitsi loyamba, imene banja liyenera kuiganizira molingana ndi chikhulupiriro chake. Kuvomera kapena kukana mwaulemu, zonsezo zimafuna munthu womva chimene mwambowo ukutanthauza kwa eni ake.

Ena adzati mapanga awiri avumbwitsa: bwanji mayi asabwerere kwawo kukachira, n'kudzayamba sukulu pambuyo pake? Mawu amenewa ali ndi nzeru, ndipo pali nthawi imene ndi okhawo oyenera kutsatidwa. Ngati dokotala waona kuti magazi akuthamanga, kapena ndi mapasa, kapena mimba yapita inali yovuta, kapena banja likukhala kutali ndi chipatala chodalirika, mayi atsikire ku mzinda wotsika kapena apite kwawo, ndipo pasapezeke mkulu wa mpingo womunena kuti chikhulupiriro chamuchepera. Koma pamene zonse zili bwino, ulendo wobwerera uli ndi mtengo wake. Makampani ambiri a ndege salola mayi kukwera akapitirira masabata 36, choncho ayenera kunyamuka msanga, ndipo sangabwerere mpaka khanda litapeza pasipoti ndi chilolezo cholowera m'dziko. Miyezi inayi kapena isanu imapita, banja litagawikana, ndipo Chisipanishi chosakhwima chimafota ngati mbande yosathiriridwa.

Ena adzati ndalama zimene akhristu amasonkha movutikira, ena pogulitsa nkhuku ndi mtedza, n'zolalikira uthenga, ndipo chaka chathunthu chopanda wobatizidwa ndi mmodzi yemwe n'chovuta kuchifotokoza pa msonkhano. Kwa amenewa ndikuti tiyang'ane mbiri yathu yomwe. David Clement Scott anafika ku Blantyre mu 1881, ndipo dikishonale yake ya Chimang'anja inatuluka mu 1892. Mishoni ya ku Mvera inayamba mu 1889, koma Buku Lopatulika lathunthu, limene William Murray anatsogolera kumasulira kwake mothandizana ndi eni chiyankhulo, linasindikizidwa mu 1922. Amishonale amene timawakumbukira mwaulemu ndi amene anakhala pansi zaka zambiri kumvetsera makolo athu. Amene anathamangira kuguwa ndi womasulira pambali, maina awo anapita ndi mphepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mbiri yomweyo ili ndi chenjezo lowawa. Mary Livingstone, mwana wa Robert Moffat, anabadwira kuno ku Africa ndipo ankayankhula Chitswana kuyambira ali mwana, kotero kuti pa chiyankhulo sanali wosowa. Komabe anayenda m'chipululu cha Kalahari pa ngolo ali ndi pakati mu 1850 ndi mu 1851. Mwana wa ulendo woyambawo, Elizabeth, anamwalira ku Kolobeng ali ndi masabata ochepa, ndipo Mary anazizira mbali imodzi ya nkhope. Iye mwini anamwalira ndi malungo mu 1862 ku Chupanga, m'mbali mwa Zambezi, ndipo manda ake ali komweko. Robert Laws wa ku Livingstonia ndi mkazi wake Margaret anataya ana angapo, nakula mmodzi yekha, Amelia Nyasa. Anthu a nthawi imeneyo analibe mankhwala ndi zipatala zimene tili nazo, ndipo sitiyenera kuwaweruza mopepuka. Koma ife amene tili nazo tilibe chowiringula tikaika ndondomeko ya ntchito patsogolo pa thupi la mayi. Mabuku a mbiri anadzaza ndi maulendo a abambo. Mtengo wa maulendowo unalembedwa pa timiyala ting'onoting'ono ta kumanda a mishoni.

Pali nkhani inanso imene ikutikhudza ife okonda chiyankhulo chathu. Malamulo aakulu a Bolivia a mu 2009 amati mwana wobadwira m'dzikomo ndi nzika, kupatula ana a akazembe, ndipo maiko ambiri a ku America ali ndi lamulo lofanana nalo. Ku Spain si choncho. Ndiye kuti khanda la amishonale lobadwira ku Cochabamba ndi mwana wa dzikolo, ndipo pofika zaka zinayi lidzakhala likukonza Chisipanishi cha makolo ake. Mwana amayamba kumva mawu ali m'mimba m'miyezi yomaliza, ndipo kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti makanda a ku France ndi a ku Germany amalira motsata kayimbidwe ka chiyankhulo cha amayi awo. Makolo ena, pofuna kudziphunzitsa okha, amayamba kuyankhula Chisipanishi chothyokathyoka m'nyumba. Ndikuwapempha asatero. Chisipanishi mwana adzachitola pabwalo, kusukulu ndi kutchalitchi, chabwino kuposa cha makolo ake. Chichewa alibe kwina kokachipeza koma pamiyendo ya amake ndi abambo ake. Tsiku limene adzapite kukaona agogo ake ku Dedza, ku Katete kapena ku Mbare, asadzafune womasulira. Dziko la Bolivia lomwelo limavomereza ziyankhulo 36 za eni nthaka pambali pa Chisipanishi. Mmishonale amene akulemekeza Quechua ya anthu ake sangakhale wonyoza chiyankhulo cha mwana wake.

Kwa akuluakulu a mipingo ndi mabungwe otuma anthu, pempho langa ndi lakuti musanaike manja pa banja laling'ono ndi kuliperekeza ku bwalo la ndege, mukhale nalo pansi ndi kuyankha mafunso awa poyera. Kodi ndalama za sukulu zawerengedwa za anthu awiri, kufikira onse atamaliza, ngakhale mayi atapuma pakati? Kodi pali mphunzitsi wotha kubwera kunyumba pa miyezi imene mayi sangayende? Kodi bambo adzaloledwa kujomba kuti alere mwana pamene mkazi wake ali m'kalasi, popanda wina kumunena kuti wasiya ntchito ya Mulungu? Kodi inshuwalansi ikulipira kubereka, opareshoni ndi chisamaliro cha khanda lobadwa masiku osakwana? Kodi pali mayi wachikulire wa komweko amene wapemphedwa, mwaulemu ndi mwadongosolo, kuti akhale ngati make wa mlendoyu? Ndipo kalata yoyamba ikadzafika yonena kuti mwezi uno taphunzira aneni makumi asanu, tapeza mzamba wabwino, ndipo mayi watha kufotokoza yekha kwa dokotala mmene akumvera, kodi mudzaiwerenga pamaso pa mpingo ndi chimwemwe chomwe mukanawerengera kalata ya obatizidwa?

Ngati yankho la funso lomalizali ndi inde, atumeni. Ngati ndi ayi, asungeni kaye kwanu, mwana abadwe, ayambe kuyenda, inu mukukonza mitima ndi matumba.